Ndikupempha Mbale Zosweka

Lolemba
Ndaona ndi maso angawa! Kwa amake Mwila ku Kasanda, khoma lonse la pamwamba pa sinki ndi zidutswa za mbale zomata ndi simenti. Zamaluwa, zabuluu, ngakhale chogwirira cha kapu chilipo, amakolekapo siponji. Mayi uja ali ndi manja, ine kukamwa yasa. Akuti: "Sivuta iyayi mwandi, ni kumatika chabe."
Langa khoma lili bii, mafuta ake ndi a kuyambira nthawi ya apongozi. Lamlungu Mphakati wa kutchalitchi ukumana kwathu, ndipo azimayi a Mphakati salowera pabalaza, amalowera kukhitchini. Sindifuna manyazi.
Zofunika:
simenti (ilipo, yotsala pa sitepe)
mpeni wakale
mbale zosweka, zambiri

Lachiwiri
Vuto: m'nyumba muno simusweka kanthu. Chilowereni m'banja, yosweka ndi sosala imodzi. ATembo, amuna anga, amagwira kapu ndi manja awiri ngati wansembe pa Misa. Mawa ndiyenda khomo ndi khomo mu Railways muno, m'nyumba zathu za njanjizi.

Lachitatu
Ndikuyambira kwa Amai Phiri, a tcheya a Mphakati. Akundiyang'ana nthawi yaitali.
"Mbale zophwanyika? Nanga zanu zayenda kuti?"
Ndikufotokoza za khoma. Akugwedeza mutu mwachisoni, akulowa m'nyumba, akutuluka ndi mbale zinayi zabwinobwino, za alendo zenizeni.
"Ine ningakupaseni bwanji vophwanyika?"
Makomo enanso asanu, nkhani yomweyo. Zosweka: palibe ndi imodzi yomwe.

Lachinayi
Mbiri yafika mpaka ku Makandanyama. Chiyambire m'mawa geti silikupuma:
mbale khumi ndi ziwiri
makapu asanu
mbale yaikulu ya ndiwo, ya chivundikiro
tiipoti (wa ukwati wa munthu!)
Anthu awa ndi abwino mpaka ndikufuna kulira. Aliyense akundigwira dzanja, akundiyang'ana kumaso, akuti "limbani". Ndilimbe chiyani? Kuswa mphatso sindingathe, mwini wake adzaifuna ndi maso Lamlungu.

Lachisanu
Basi, ndiswa zanga zakale. ATembo ali pa ofu, sanapite ku ntchito, akuti andithandize. Munthu wa ku wekishopu sagwira ntchito yatheka: mbale m'thumba, hamala m'manja, phwa! phwa! kuseri kwa nyumba. Ine ndikupisa dzanja m'thumba asananene. Chala chekee! Ndikukuwa: "Mayo, mwanipha!"
Kuseri kwa mpanda, aneba athu amake Junior asiya kuyanika zovala.

Loweruka
Chala chili m'bandeji, koma ntchito ikuyenda. Pofika teni koloko khoma lakongola, ndikuitana aTembo adzaone. Akuyamikira, kenaka akufunsa chapansipansi ngati ndinayamba ndagoba penti. Penti wanji? Kani nyumba za njanji anazipaka penti wamafuta kambirimbiri, simenti sigwirapo. Amake Mwila sananene zimenezo, kwawo ndi njerwa.
Masana: ngwe! m'sinki. Ngwe! Ngwe!
Zatsala zidutswa zisanu ndi ziwiri, apa ndi apo, ndi mabala a simenti. Nthawi yokonza palibe.

Lamlungu
Mphakati wadzaza nyumba kuposa masiku onse. Tisanawerenge Uthenga, Amai Phiri ali kale kukhitchini. Akuyang'ana khoma, akuyang'ana chala changa, akudzilemba chizindikiro cha mtanda. "Mpaka zinachita kulowa mu chipupa," akutero.
Apa m'pamene ndikumva zonse: kani mbiri ndi yoti aTembo amandigenda ndi mbale. Ndikulumbira kuti ndi zokongoletsa, kuti aTembo ngakhale nkhuku ndimawaphera ndine. Akundisisita pamsana: "Tiziba mwana wanga, tonse timakamba so."
Azibambo atatu atengera aTembo pansi pa mango. Ola lathunthu. Ndikusuzumira pawindo: akhala pa kampando kakang'ono, chipewa pabondo, akuvomera ndi mutu. Palibe pomwe akuloza kukhitchini kuti misala yonseyi ndi ya mkazi wawo. Mwamuna uyu sindimuyenera.
Alendo atapita ndikufunsa aTembo kuti zatha bwanji.
"Nalonjeza kuti sinizaponyanso mbale."
Zokonza khoma sizinatchulidwe ndi munthu, libakhala choncho. Ife mwezi wamawa atilembetsa ku maphunziro a mabanja ovutana, ndipo aTembo akufunsa ngati kumafunika kuvala tayi.