Mabodza Atatu kwa Dokotala wa Mano

Dzino limene ndinapita kukazulitsa tsiku limenelo ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo pamwamba pake ndinabwerako ndi mbiri yoti ndimamwa kachasu m'mamawa. Zonsezi zinachitika dzuwa lisanafike paliwombo. Wondilakwira panalibe, ndinadziputira ndekha.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa Ngabu. Matenda a shuga anandipeza nawo zaka zingapo zapitazo, mkazi wanga, amake Tereza, akadali moyo. Iwowo ndiwo anali dokotala wanga weniweni. M'mawa uliwonse ankaika mapiritsi awiri pa kambale pafupi ndi phala, n'kuima chilili mpaka nditamaliza zonse. Ine ndinkangoti n'kuvuta kwa azimayi, sindinafunsepo chifukwa chimene ziwirizi zinkayendera limodzi. Chimwalirireni iwo, m'nyumba ndimakhala ndekha. Tereza anakwatiwa ku Blantyre, mlongo wake ali ku Joni, ndipo onse akaimba foni ndimawayankha kuti ndili bwino (mawu amenewa sachedwetsa munthu amene ali ndi zochita).

Dzinolo linayamba ndi kugwedera. Nkhama zinkatuluka magazi ndikamatsuka, m'kamwa mouma gwa ngati mchenga wa mumtsinje m'chilimwe. Ine ndinkati n'chifukwa chodula ulusi ndi mano, chizolowezi chathu matelala. Ku kiliniki ya shuga anatiuzapo kuti matendawa amawononganso nkhama, koma ndinkaona ngati akunena anthu ena. Ndinavumata madzi amchere kwa milungu iwiri. Tsaya litatupa moti makasitomala ankandiyankhula maso ali kumbali, ndinagonja.

Ndinalawira kuti ndikapeze malo pamzere. Phala sindinaphike. Kuyatsa mbaula chifukwa cha munthu mmodzi, woti ngakhale kutsegula pakamwa kukumuvuta, ndinaona ngati kuvutitsa makala. Koma mapiritsi ndinamwa onse awiri, lina lalikulu ndi kena kakang'ono, ndi madzi okhaokha, uku ndikudzitama mumtima kuti ndine wodwala womvera. Kenako ndinakwera kabaza. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo inu amene munakhalako kuchigwa kuno mukudziwa kuti dzuwa lathu silidikira kuti munthu ayambe wasamba.

Pa benchi ya panja panali anthu ambiri, ndipo pafupifupi aliyense anali ndi womuperekeza. Pafupi nane panakhala bambo wina wamtali atagwira tsaya, ndi mkazi wake amene ankamukupiza ndi nsalu uku akumukalipira mu Chisena kuti akanabwera kalekale. Ndinamvetsera kukalipako mpaka ndinayamba kusirira.

Pa benchi pomwepo ndinamvanso zinthu ziwiri. Wina anati dokotala wa mano amabweza aliyense amene sanadye. Wina anati a shuga amayamba atumizidwa kukayezetsa magazi, ndipo shugayo akapezeka kuti wakwera amauzidwa kuti abwere tsiku lina, poti chilonda chawo chimachedwa kupola. Tsiku lina? Ndi tsaya limeneli? Mwakachetechete ndinabweza m'thumba la jekete buku langa la ku kiliniki ya shuga, n'kutulutsa lina lakale lomwe munalembedwa malungo okhaokha.

Tinaitanidwa awiri, ine ndi bambo wamtali uja. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa Tereza, waulemu wake. Anandifunsa ngati ndadya, ine ndinati ndadya, mpaka kuwonjezera kuti phala lake linali la nsinjiro. Anandifunsa ngati ndili ndi shuga kapena kuthamanga magazi, ndinapukusa mutu. Kenako, akulemba m'buku muja, anafunsa mosayang'ana n'komwe.

"Nanga mwabwera ndi ndani, bambo?"

"Ndi mayi akunyumba. Ali panjapo."

Mabodza awiri oyambawo ndinali nditawakonzekera, koma lachitatuli linangotuluka lokha. Ndipo ndisakubisireni, linakoma m'kamwa. Kwa kanthawi ndinamva ngati nditatuluka ndikawapezadi pa benchi paja, chikwama chili pamiyendo.

Anatibaya jakisoni tonse awiri. Anayamba ndi mnzangayo, ine anandikhazika pa kabenchi ka m'katimo kuti tsaya lichite dzanzi. Linachitadi dzanzi, koma thupi lonse linayamba zake. Thukuta linatuluka lozizira, losiyana ndi la dzuwa. Mtima unagunda ngati mashini anga akamasoka yunifolomu za sukulu itatsala pang'ono kutsegulira. Ndinamva njala yoti ndikanatha kudya thonje limene linali m'mbale patebulo.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa, ine ndimangokumbukira zidutswa. Akuti ndinaimirira n'kuuza namwino kuti amene anapinda diresi lake ndi wakuba. Akuti ndinatulutsa tepi m'thumba n'kuyamba kuyeza mapewa a bambo wamtali uja, iye ali gada pa mpando, dzino litangozulidwa kumene, thonje lili m'kamwa. Akuti ndinamulonjeza suti ya ukwati. Mawu anga ankatuluka okokeka, mlomo uli lende, dovu likutsika (ine ameneyo, mkulu wa mpingo amene Lamulungu amaima kutsogolo kulengeza za maliro). Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo panja wina ananena momveka kuti atelala a pa Ngabu aja afika atalawa kale. Kenako ndinagwa pansi pa simenti.

Dokotala sanakhulupirire za mowazo. Anandinunkhiza, n'kuuza namwino kuti andibaye chala. Kamakina koyezera shuga kataonetsa kuti watsika kwambiri, namwino anathamangira kukasungunula shuga m'kapu. Pondivula jekete kuti ndipitidwe mphepo, buku lobisika lija linagwa pansi, ndipo linandiulula bwinobwino popanda kufunsidwa. Apo dokotala anasuzumira panja n'kuitana kuti mkazi wa bambo amene ali m'katimu alowe msanga, amuna ake akomoka.

Pa benchi ponse, mkazi amene mwamuna wake anali m'kati anali mmodzi yekha.

Analowa ndi liwiro, nsalu ili m'manja, akulira kale. Sanayang'ane ku mpando. Anaona munthu ali pansi, anagwada n'kunyamula mutu wanga kuuika pamiyendo pake. Atandipukuta kumaso m'pamene anaima kaye.

"Uyu si mamunanga tayu," anatero, akuyang'ana uku ndi uku.

Mwamuna wakeyo anali pa mpando, maso ali tong'o, akuloza pachifuwa pake koma osatha kuyankhula chifukwa cha thonje. Ndinkayembekeza kuti mayiyo angousiya mutu wanga ugunde simenti. Sanatero. Namwino atabwera ndi kapu, iye anailanda n'kuyamba kundimwetsa pang'onopang'ono. Theka la madziwo linkatulukira ku mbali ya dzanzi ija n'kutsikira m'khosi la shati, iye akupukuta uku akundikalipira ngati wandidziwa zaka makumi atatu. Ankati munthu wamkulu imvi mbuu amachoka bwanji pakhomo m'mimba mulibe kanthu. Ine ndinkangomeza. Panali patapita nthawi yaitali chikalipiridwireni choncho, ndipo sindinafune kuti kapuyo ithe msanga.

Nzeru zitabwerera, manyazi anabwera nazo limodzi. Dokotala anakhala pa kabenchi kaja, buku langa lili m'manja.

"Bambo, mayi amene munati ali panja aja ali kuti?"

"Anatisiya chaka chathachi, mwana wanga."

Ndikanakonda akanandikalipira. M'malo mwake anandifotokozera modekha kuti kapiritsi kakang'ono kaja ntchito yake n'kutsitsa shuga, ndipo sikafunsa ngati munthu wadya kapena ayi. Kakapeza m'mimba mopanda kanthu kamatsitsabe, mpaka munthu amaoneka ngati waledzera, mwinanso osadzukanso. Anati wa shuga sabisa matenda ake kwa wozula mano, chifukwa chilonda chikakana kupola mavuto ake amaposa a dzino. Anandipatsa mankhwala ochotsa kutupa, n'kundiuza kuti ndibwere sabata yotsatira nditadya, ndipo m'thumba muzikhala maswiti awiri kapena atatu a tsiku langozi ngati limeneli.

Potuluka ndinadutsa pa benchi paja mutu uli pansi. Mayi uja anandigulira nthochi pa geti n'kuimirira mpaka nditadya ziwiri. Anakana kuti ndikwere kabaza osandiona, mpaka anachita kumulangiza wakabazayo kuti akandifikitse pakhomo penipeni. Ndinati takhuta, mawu othokoza a Chisena amene ndimawatha bwino. Mwamuna wake anangogwedeza mutu, thonje likadali m'kamwa, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira kapena ankangomva kupweteka. Mayina awo sindinafunse. Ndinakumbukira zofunsa nditafika kale kunyumba, ndikukhoma jekete pa msomali.

Dzino linazulidwa sabata yotsatira, ndipo chilonda chinapola ngakhale chinachedwa. Mbiri ya kachasu ija inandipeza kutchalitchi isanathe milungu iwiri, ndipo ndinachita kuonetsa abusa buku la ku kiliniki.

Malangizo a maswiti ndimawatsata mokhulupirika. Lolemba lililonse ndimagula atatu n'kuwaika m'thumba la shati. Vuto ndi Lamulungu masana, tikaweruka kutchalitchi, aliyense akalowera kwawo ndi banja lake, ine n'kukhala pakhonde kuonerera mbuzi zikubisala dzuwa pansi pa mtengo wa nimu. Dzanja limapita lokha m'thumba. Ndimadziuza kuti mwina shuga watsika, ngakhale ndikudziwa bwino kuti chatsika si shuga. Pofika madzulo mapepala atatu amakhala ali pansi, ndipo dzino la mbali inayo layamba kale kundipatsa moni.