Tinaona Lilongwe pa galimoto ya ukwati wa eni

Anthu akandifunsa ngati ndinafikako ku Lilongwe, ndimangogwedeza mutu n'kusintha nkhani. Kufika ndinafikadi, ndipo ndinaona zambiri kuposa ena amene amapita ndi chikwama chotupa. Koma mmene ndinazionera zinthuzo, mpaka lero ndikakumbuka ndimachita manyazi.

Ine ndimalima mpunga ku Bwanje. Chaka chimenecho tinakolola bwino, ndiye ndinauza amuna anga, a Nzunga, kuti ndikufuna ndikaone likulu la dziko lathu ndi maso anga, osati kumangolimva pa wailesi. A Nzunga anakagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni ali anyamata, choncho nkhani za m'tauni amazikamba ngati misewu yonse anailambula okha (chibwerere kumeneko, tauni yaikulu imene anali atapondamo inali Balaka).

"Mzinda sauonera ndalama, mayi," anatero. "Amauonera miyendo. Kuyang'ana nyumba salipiritsa."

Tinagona kwa m'bale wathu ku Kawale. Loweruka m'mawa tinanyamuka wapansi, iwo atavala suti yawo ya ku Joni ndi chipewa, ine chilundu changa cha ku tchalitchi ndi nsapato zobwereka. M'kachikwama ndinaikamo mbatata yophika ndi botolo la thobwa, kuti tisakagule kanthu panjira.

Miyendo ija sinachedwe kutikana. Palibe amene anandiuza kuti ku Lilongwe pakati pa nyumba ina ndi inzake pali thengo loti ungalimepo chimanga chodya chaka chonse. Dzuwa litakwera, zomwe tinali titaona zinali raundabauti, mipanda ya njerwa, ndi matuza kumapazi kwanga. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi tchalitchi china kuti tipume.

Posakhalitsa m'tchalitchimo munatuluka anthu a ukwati. Ine ukwati ukamadutsa sindikhala chete, kaya ndikuwadziwa kaya ayi. Ndinaimirira n'kuimba nthungululu ya kwathu, ija mbalame zimathawa nayo mumpunga. Anthu onse anatembenuka.

Mayi wina wovala riboni pachifuwa, amene ankayendetsa zinthu pa ukwatiwo, anabwera chothamanga, foni ili kukhutu.

"Pepani, kodi ndinu a ku Ntcheu?"

"Eya," ndinayankha. (Ndikanati chiyani? Ndine wa ku Ntcheu.)

"Mwatipatsatu nkhawa. Kutchalitchi mwaphonya, koma pazithunzi mukhalapo. Tiyeni, amalume."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifunse kuti amalume ake ati, koma a Nzunga anandiponda pa thuza.

"Akupita kokajambulitsa m'malo abwinoabwino," anandinong'oneza. "Tikwere, tikatsikira kutsogolo."

Mayi wa riboni uja anatilowetsa m'galimoto yakuda yamaluwa, yachiwiri pamzere. Kunja kunkatentha, koma mkatimo munkazizira ngati ku Tsangano mwezi wa Juni. Ndinakhala chowuma, kachikwama kali pamiyendo, kuopa kukhudza chilichonse.

Kunena zoona, Lilongwe tinamuona. Tinadutsa pa Nyumba ya Malamulo, ndipo ndinadabwa kuti anthu amene amakhala m'nyumba yokongola chonchija ndi omwe aja timawamva akukangana pa wailesi. Tinaona maofesi a boma atandandana paphiri. Tinaima pa nsanja yokumbukira asilikali, yaitali moti ndinagwira duku kuti lisagwe poyang'ana pamwamba. Kumunda wa maluwa kunali mlonda pageti, ndipo mayi wa riboni ndi amene analipirira gulu lonse. A Nzunga anandiyang'ana ngati munthu amene wapambana mlandu.

Makolo a akwati anali atatsogola ku holo, choncho achikulire pagulupo tinali ife tokha. Wojambula akati, "Akuluakulu pafupi ndi mkwatibwi," tinkasendera. Mkwatibwi ankatimwetulira mwaulemu poyesa kuti ndife a kuchimuna. Mkwati anatipatsa moni wa manja awiri poyesa kuti ndife a kuchikazi.

"Bambo, titsikire pano," ndinkatero paliponse pamene taima.

"Patsala malo amodzi," ankayankha.

Koma ndisawanamizire okha. Pofika kumaluwa kuja, ine ndinali nditavula nsapato, ndikukonza velo ya mkwatibwi ndi kudzudzula atsikana operekeza kuti aime bwino.

Titakweranso, galimoto sinaimenso mpaka pakhomo pa holo. Anthu anali modzaza. Pothawira panalibe, chifukwa mayi wa riboni anandigwira dzanja n'kutiperekeza mpaka kutsogolo, patebulo la nsalu yoyera. Tinakhala pansi. A Nzunga anavula chipewa n'kuyamba kugwedezera anthu mutu.

Kenako woyendetsa mwambo anati, "Tsopano timve malangizo kuchokera kwa amalume a mkwatibwi, amene ayenda ulendo wautali kuchokera ku Ntcheu."

Ndinkaganiza kuti apa a Nzunga agwidwa ndi mantha. Iwo anaimirira. Ndinawakoka jekete mpaka msoko unalira, koma anapita ndithu n'kulandira maikolofoni.

"Ana anga," anayamba, "banja lili ngati mpunga. Ukachedwa kupalira..."

"Awa ndani?"

Anali mayi wina wovala bwino kwambiri, ataimirira pamzere woyamba. Ndinamva munthu kumbuyo kwanga akuti ndi mayi a mkwatibwi. Mkwatibwi anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Si amalume anu?"

"Ndimayesa ndi anu."

Ankanong'onezana, koma patebulo pawo panali maikolofoni ina, ndiye holo yonse inamva. Nyimbo inazima. Anyamata ena ojintcha anayamba kusendera kutsogolo, wina akuti masiku ano akuba amalowa m'maukwati atavala masuti.

Ndinathamanga n'kukagwada pamaso pa mayi a mkwatibwi kuti ndifotokoze. Pogwadapo kachikwama kanatseguka, mbatata n'kugubuduka mpaka kumapazi a abusa. Botolo la thobwa, limene linakhala likukhutchumuka ndi kusasa tsiku lonse, linagwa pansi, chitsekerero n'kuuluka. Atamva phokoso lake, ena anabisala pansi pa mipando. Thobwa linafika pa nsalu yoyera, pa nsapato za mkwati, ndi pang'ono pa keke.

Ndili chigwadire, ndinamva mawu kuchokera kukhomo.

"A Nzunga? Mayi? Mukutani pampando wanga?"

Anali amalume enieni, fumbi lili mbuu, atanyamula nkhuku m'khwapa. Minibasi yawo inawafera ku Dedza. Ndipo mwa anthu onse a m'boma la Ntcheu, amalumewo anali a Ngozo a ku Manjawira, amene amabwera kwathu chaka chilichonse kudzagula mpunga.

"Mukuwadziwa?" anafunsa mayi a mkwatibwi.

A Ngozo anatiyang'ana. Ine ndinkapemphera chamumtima.

"Ndikuwadziwa, achemwali. Si akuba awa. Koma ukawauza kuti chinthu n'chaulere, sakufunsa kuti n'chiyani."

Wina anayamba kuseka kumbuyo, kenako holo yonse. Mayi a mkwatibwi sanaseke. Anangouza anyamata aja kuti atisiye, ndipo anatisamutsira kumapeto, pafupi ndi zokuzira mawu. Chakudya anatipatsa ndithu. Ine changa sindinachikhudze. A Nzunga anamaliza mbale yawo n'kuyamba yanga, kwinaku akudandaula kuti anawadula asanafike pa mfundo yeniyeni.

Mawa lake kudepoti tinapezeka kuti takwera minibasi imodzi ndi a Ngozo. Aliyense wokwera panjira, a Ngozo ankamuyambira nkhaniyo pachiyambi, akutiloza ndi chala. Pofika pa boma la Ntcheu, ngakhale kondakitala ankaitana a Nzunga kuti amalume.

Patapita miyezi, a Ngozo anabwera kudzagula mpunga atanyamula chithunzi chachikulu. Anati akwati aja anayesetsa kufuna chithunzi chakumaluwa chopanda ife koma sanachipeze, ndiye atitumizira chimodzi kuti nafenso tizivutika nacho. Ndili pambali pa mkwatibwi, nsapato zili m'manja, mano onse ali pamtunda.

Ndinkafuna kuchibisa pansi pa matiresi, koma a Nzunga anachikoleka pabalaza. Alendo akafunsa kuti mtsikana wokongolayo ndi ndani, iwo amati, "Mwana wathu wa ku Lilongwe." Ine ndimawayang'ana mowadzudzula. Kenako ndimawonjezera kuti velo ija ndinakonza ndine.