Tsiku Limene Lole Inaima pa Vidiyo Yanga ku Mchengautuwa

Amene akuti ine Bwanali ndine wabodza adzuke pabenchipo azipita, sindikakamiza munthu. Inu ana a dzulo mumaonera kanema m'manja, aliyense payekha ngati akudya zakuba. Ife tinkaonera amuna enieni: ekita mmodzi wosavala malaya, minofu ili mbwee, kupha asilikali zikwi ndi mfuti yosatha zipolopolo, kugwa m'ndege n'kudzuka n'kungosasa fumbi. Mukumva?

Chaka chimene dziko linkakangana za chipani chimodzi ndi zipani zambiri, ndinali ndi vidiyo ku Mchengautuwa, chinyumba cha matabwa, mabulangete m'mawindo, batire la lole pansi pa tebulo. Anthu ankadzaza mpaka pakhomo chifukwa cha pakamwa panga, poti ndinkaima pambali pa sikirini n'kumamasulira. Chizungu sindinkachimva, Chitchaina ndiye musanene, koma ekita akatsegula pakamwa ndinkamuikira mawu anga, ndipo anga ankakoma kuposa ake.

Ndiye tsiku lina masana, ekita wagwira pakhosi nkhalamba ya mamendulo imene inkalamula dziko lonse yokha, ine magazi atentha, pakamwa panandithawa: "Mwalamula mokwana, agogo! Tsikani pampando!" M'nyumba monse zii. Wina anatsokomola. Wina anatuluka osatsazika, patapata kuzisiya pomwepo. Masiku amenewo makoma anali ndi makutu, anyamata. Munthu ankapita kukagula mchere osabweranso, akazi ake n'kumanamiza ana kuti abambo ali ku Joni.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo, kanema yemweyo ali mkati, ndinamva lole ikuima panja. Mkazi wanga NyaMhango, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anasuzumira pakhomo nkhope itayera, nangoti, "A Bwanali, ŵafika." Anyamata a chipani a malaya ofiira, makumi anayi, ndinawerenga ndekha, zikwanje ndi zibonga m'manja. Oonera onse anathawira pawindo. Ndinaopa, sindibisa. Ndinkaganiza kuti ndikakwera lole ija mwana wanga adzabadwa wopanda bambo.

Koma munthu woti kaseti imodzi waionera ka mazana atatu sangafe ngati nkhuku! Ndinavula malaya, ndinakuwa mpaka mapeyala anayoyoka ku Katoto, ndinadumpha n'kuboola denga, ndili m'mwamba ndinaona dera lonse la Geisha ndi amayi akuyanika zovala, ndinakhala komweko mphindi zitatu ndikusankha woyambira, potsika mwendo umodzi unagwetsa khumi, khumiwo pogwa anagwetsa asanu ena, wina anaponya chikwanje ine n'kuchiwakha ndi mano n'kuchitafuna n'kumulavulira misomali, wina anatulutsa mfuti, zipolopolo zikubwera pang'onopang'ono monga zimachitira pa kanema ine n'kumazitola m'mwamba ngati ngumbi n'kumaika m'thumba, mukumva? Otsalawo ndinawamanga mtolo umodzi ndi tepi ya m'kaseti, ndinawaponya m'lole, loleyo ndinaimenya theche, ndipo anthu a ku Ekwendeni mpaka lero akusunga tayala limene linagwera m'munda mwawo. Ndikanama ndife pompano!

Ukusekanji iwe Gondwe? Eya, ndikudziwa, bambo ako anabisala kuseri kwa matabwa akusuzumira, ndipo anakuuza zawo. Bambo akowo pakamwa sipankatseka. Chabwino. Makumi anayi aja mwina anali atatu. Denga lija mwina inaboola ndi mphepo.

Atatuwo anakhala pa benchi yakutsogolo. Wamkulu wawo anaika chikwanje pamiyendo, akuchisisita ndi chala, osandiyang'ana n'komwe, nati, "Bwezani kaseti, dada, timve tokha zimene mzunguyu amanena. Mumasulire makora, bwinobwino. Lole ili panja."

Ndinabweza. Ola lathunthu ndinamasulira ndi timawu tating'ono, ndikudziwa kuti malo aja akubwera, akubwera, ndipo panalibe kowalumphira. Mwadzidzidzi ekita uja wayigwira nkhalamba pakhosi, maso a wamkulu uja atong'oka, chala pachikwanje chaima. Ine ndinati, "Agogo, taimani ndikukonzereni tayi." Ekita anaimenya chibakera kumaso. Ndinati, "Pepani bwana, panatera udzudzu!" Anaimenyanso kachiwiri, kachitatu, mano akuuluka. "Udzudzu wachuluka chaka chino, bwana!" Pomaliza anainyamula n'kuiponya kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja, ikukuwa njira yonse, ine misozi ili m'maso ndinati, "Tsogolani bwana, galimoto ikudikira pansi, mutilamule mpaka muyaya!"

Palibe anaseka. Wamkulu uja anandiyang'ana nthawi yaitali, yaitali, moti ndinayamba kutsazika dziko chamumtima. Kenako anadzuka, nati, "Yewo chomene, dada. Mzungu waulemu uyu." Anatuluka. Kaya anakhulupirira, kaya ankangofuna kuona ngati ndikudziwa kuopa, sindinapite kukamufunsa.

Mwezi wotsatira mwana anabadwa ine ndili pakhomo panga, ndinamunyamula ndi manja angawa. Ndiye sekani, sekani ndithu. Koma mundipezere ekita, wa ku Amereka kaya wa ku Tchaina, amene anathamangitsa zikwanje zitatu ndi pakamwa pokha, ali chiimire m'buluku lonyowa mpaka m'nsapato.