Mkamwini pa Dzina Lake Lomwe

Lolemba
Lero ndagula dzina langa! Pa intaneti amati domeni: adiresi yoti munthu akailemba pafoni, wafika pakhomo pako. Ndiikapo zithunzi za ziboliboli zanga, alendo odzaona Mua aziitanitsa ali kwawo. Andilembetsera ndi akazi anga, mayi a Tadala, pafoni yawo, poti yanga ndi ya mabatani.

Pamudzi pano ndine mkamwini. Munda ngwa akazi anga. Nyumba ndinamanga ndine, malo ngawo. Mango ndinabzala ndine, akudya ndi alamu. Koma dzinali ayi, nlangalanga! Ndasema tsiku lonse ndikuimba mluzu.

Lachiwiri
Mayi a Tadala atulukira kuti domeni imabereka. Ukaika liwu kutsogolo kwa dzina, ndi kadontho, patuluka tsamba lina, laulere. Ati sabudomeni. Apempha kandime kamodzi ka mandasi awo. Ndawapatsa ndi mtima woyera. Kodi kugawa malo kumakoma chonchi?

Lachitatu
Nkhani yafika kumjigo. Mlamu wanga Fostino, wa kabaza ku Golomoti, walawirira pakhomo. "Alamu, kandime kokha." Waikapo chithunzi chake atakhala pa njinga yamoto, magalasi akuda ali m'maso. Njingayo nja eni.

Lachinayi
Ine ndi apongozi sitionana maso ndi maso. Alankhulira kuseri kwa mpanda: "Muwauze bambo a Tadala, nkhumba zanga zilowenso." Munthu wongomumva mawu umamukana bwanji?

Pa dzina langa tsopano pali:
mandasi
njinga ya eni
nkhumba
kwaya ya kumphakati kwathu
Ziboliboli sizinalowe. Foni siikupuma.

Lachisanu
Uthenga woyamba wofuna ine! Ndataya sompho, liwiro kunyumba. Ndi munthu wa ku Mtakataka, akufunsa ngati ndine bambo wa nkhumba uja. Mayo ine! Dzina londipatsa atate anga, lero likutchuka ndi khola. Zandiwawa zedi. Ndalengeza kuti mawa aliyense asamuke, ndipo pasiwedi, kiyi wa dzinali, ibwere kuno. Mayi a Tadala angoti, "Idyani kaye."

Loweruka
Mlandu, pansi pa mango anga omwe aja. Oweruza ndi a Gerevazio, malume a akazi anga, eni mbumba. Sakalipa, amangofunsa mofatsa. Dzinali linabzalidwa pafoni ya yani? Foniyo imagona mudzi uti? Amachaja ndi sola ya padenga la yani? Ndati dzina nla atate anga. Ati, "Palibe akukana, bambo. Mangowanso timati nganu. Koma mkamwini akabzala mtengo sauzula." Onse aomba m'manja. Inenso ndaomba, manja anazolowera.

Lamulungu
Tabwerako ku Misa. Tsamba lalikulu latengedwa ndi mbumba: chithunzi cha banja lonse, ine kumapeto, kukuoneka khutu ndi phewa. Komabe sanandimane, anthuwa ngachifundo. Andigawira kandime ka ziboliboli, kumunsi kwa nkhumba. Andifunsa liwu loika kutsogolo, koma ndisanatsegule pakamwa Fostino walemba kale: mkamwini, kadontho, kenako dzina langa.

Ndathokoza. Zithunzi ati ndidikire, foni ikabwerako kwa apongozi.