Mmene Ninauzirira Makina Oyeza Mphepo

Anzanga, Loweruka lija ninachoka panyumba na shati yosita, nati nikathandize ba mulamu pang'ono chabe.

Ba mulamu, achimwene a mkazi wanga, ali na munda wa tomato kufupi na Palabana. Anagula kamakina koyeza mphepo kuti azidziwa nthawi yopopera, chifukwa mankhwala awo anaulukapo n'kupsereza ndiwo za aneba, mlandu wake sunathe mpaka lero. "Bwerani mulumikize," anatero pafoni, "si ndimwe a makompyuta ku Lusaka?"

Nafika, napeza kanthu koyera ka tinyanga kali pamwamba pa mlongoti wachitsulo. Kopanda chozungulira olo chimodzi! Akuti kamayeza mphepo na mawu amene khutu la munthu silimva. Nchito yanga inali yakuti kazilankhulana na kabokosi kosunga manambala, kamene amati loga. Nalumikiza mawaya, natsegula laputopu, pabwera timabokosi na tizilembo tokhotakhota.

"Ikamba chitundu bwanji?" ba mulamu afunsa.

"Ipereka moni," nayankha, thukuta lili kamukamu.

Nasinthasintha liwiro lolankhulirana mpaka misala ija yatha, pabwera ziro. Kunja kunali bata, tsamba osagwedezeka, koma ine nati kamakina kafa. Nakwera makwerero, nayamba kukauzira monga nikoleza mbaula.

"Manje?" nafunsa nili pamwamba.

"Ziro, ba mulamu!" ayankha ali pansi, maso pa laputopu.

Nauziranso mpaka chizungulire. Naimba mluzu, nanga si akuti kamamva mawu? Nakanyengerera: "Iwe, kamba chabe, usanichititse manyazi." Ziro. Navula shati, nayamba kukupiza, mimba yonse pamtunda. Nikanadziwa bwanji kuti loga imayamba yasonkhanitsa manambala, siyankha pomwepo?

Apo m'pamene apongozi anga anatulukira na azimayi a kwaya, abwera kudzagula tomato. Apongozi amene ine sininatafunepo olo nshawa pamaso pawo! Nati nitsike msanga, phazi lakankha makwerero, khu pansi. Natsala m'mwamba nakumbatira mlongoti monga gulo.

Ndiye kavuluvulu, kaya anachokera kuti, wabwera na fumbi lake, walanda shati m'manja mwanga, ulendo kumunda kwa aneba omwe aja. Nthawi yomweyo loga yadzuka. Ba mulamu ayamba kuvina na laputopu: "Yagwira! Yagwira! Musatsike, ba mulamu, mungasokoneze!"

Azimayi a kwaya kuseka mpaka kukhala pansi. Apongozi okha anayang'ana kumbali mwaulemu, n'kufunsa mwana wawo, ba mulamu, chapansipansi, koma ine n'kumva: "Kodi ku Lusaka nchito yawo ni imeneyi?"

Ninabwerera kunyumba nitavala ovolosi ya ba mulamu yonunkha mankhwala, m'minibasi mpando wonse wanga nekha. Za mphepo nasiyira Mwini wake. Olo mwana wanga alire bwanji, chibaluni chake akauzire amayi ake.