Mmene Ndinakokera Mapu a Oldbury ku Khoti

Amene akuti ndikunama atuluke pompano akayime pamvulapo, chifukwa izi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo phewa langa lakumanjali mpaka lero limaphwanya kukazizira. Iwe Tadala, ika foniyo pansi. Nkhaniyi sungayipeze mmenemo, amene analipo ndine.

Inu mwabwera dzana ndi madigiri anu, mwapeza gulu lathu la Amalawi likuyenda bwino, mukuyesa zinachita kugwa kumwamba. Ife titafika kudziko la eni kuno tinali ochepa, pafupifupi tonse kudera la Oldbury, ndiye tinajambula mapu n'kugawa ma zone anayi. Atatu anali ku Oldbury komweko, pomwe Edgbaston, Nechells ndi konse kotsalako tinangoti zone imodzi, poti kunali banja limodzi lokha ndi mphaka wawo. Zone iliyonse inali ndi voti imodzi mu komiti. Zaka zinapita, manesi anayamba kutsika ndege ngati ngumbi mvula yoyamba, onse kukakhala kufupi ndi chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, koma mapu ali omwewo. Kwathu ku Oldbury anthu anasamuka, moti mu zone ina munatsala a Gondwe okha, amene pachisankho ankadzivotera okha, kudziwombera m'manja okha, ndipo chaka china anadzitsutsa okha kuti mavoti abedwa. Mukumva?

Ndiye mapemphero ndi misonkhano yonse komiti inkayika ku Oldbury, m'mamawa, nthawi imene manesi akungotuluka kumene ku night shift. Mayi akunyumba kwanga, Nabanda, nawonso ndi nesi. Lamulungu lina anakwera basi akuthamangira mapemphero, tulo n'kuwaba, basi ija inazungulira nawo mzinda wonse, kuzungulira, kuzungulira, dalaivala anafika popuma pantchito n'kulowa wina, iwo ali gone, anadzafika pakhomo Lachitatu nyimbo yotsegulira idakali pakamwa.

Atakhala pansi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, anzanga onse aja voti imodzi, a Gondwe paokha voti imodzi. Manesi tikuchoka tikayambe gulu lathu, ndipo ine ndili nawo."

Ine ndinayamba kudzifunsa. Gulu lopanda manesi ayimbe ndani, adzazonde odwala ndani? Ndipo ine ndizikhala pabenchi ndekha ngati wamasiye mkazi ndili naye? Ndinakapempha komiti kuti tijambule mapu atsopano, koma ma zone atatu aja anakana, poti kudya kunali kwawo. Pamenepo ndinati tikaonana ku khoti.

Jaji anali mayi wamkulu, kumutu atavala tsitsi lija loyera ngati thonje. Loya wa a Gondwe anayankhula chizungu chambirimbiri kuti mapu akale ndi chikhalidwe, sagwidwagwidwa. Ine ndinalibe loya, ndinangoti, "Bwana jaji, lolani anthu alowe, muone nokha." Ma zone atatu a Oldbury anabwera pa takisi imodzi, mpando wakutsogolo atakhazikapo ambulera, n'kukhala kumanzere m'khotimo. Kenako ndinatsegula chitseko cha manesi, ndipo anayamba kulowa, kulowa, woyamba wakhala kale kumanja wotsiriza akadali ku Edgbaston akumalizitsa kubaya jakisoni, mabasi onse mumzinda atatha ena kubwera pa ambulasi, mpaka nyumba ya khoti inayamba kupendekera ngati sikelo yogulira fodya, jaji n'kutsetsereka ndi mpando wawo womwe mpaka kukhoma, tsitsi lija kutsala m'malere, a Gondwe mbali yawo itakwera anagunditsa mutu kudenga. Mukumva? Ine ndinathamangira panja, kulowetsa phewa pansi pa nyumbayo, n'kumalizitsa mlandu wanga kudzera pawindo.

Jaji ali chogwira khoma anagamula kuti, "Munthu aliyense voti yake ilemere mofanana ndi ya mnzake. Bambo Phiri, kakonzeni mapuwo, koma muyambe mwatitsitsa bwinobwino."

Musaganize kuti kukonza mapu n'kufufuta ndi labala. Mzere wakale uja unali utakhalitsa mpaka kumera mizu pansi pa tala, ndiye ndinaupeza nsonga yake m'ngalande yoyendamo maboti, ndinavula jekete, kuuzula ngati chinangwa, kuumangirira kumbuyo kwa basi, dalaivala anaponda moto koma basi inayamba kubwerera m'mbuyo, ndiye ndinaukoka ndekha paphewa kuchokera ku Oldbury, nyumba zikupatuka, mafakitale a ku Nechells akusendera pambali, koma chapafupi pomwepo unandipota miyendo n'kukokera misewu yonse pamodzi, ndiye chipiringu cha misewu yokwerana mumasocherapo chija.

Ukuti chiyani, Tadala? "Uncle, that was built before you came"? Inde, inalipo ine ndisanabwere, koma inali yowongoka.

Mapu atsopano atatuluka, Edgbaston inagawidwa, Nechells inapeza zone yakeyake, ife a Oldbury anatiphatikiza pamodzi, a Gondwe n'kuyamba kuphunzira kuyima pamzere. Manesi sanachoke. Voti yawo yoyamba inasunthira mapemphero madzulo, ndipo tsikulo kwaya inayimba mpaka mababu kuthima.

Voti yachiwiri ndiyo ndimayifotokoza mwachidule. Ine ndinali wapampando wa gululi chiyambire, wopanda wopikisana naye. Ulendo uwu manesi anayimika munthu wawo, ndipo munthuyo anali Nabanda. Ine ndinavoteredwa ndi a Gondwe okha, poti nane ndinaona kuti ndikadzivotera kunyumba kuvuta. Ena mumaseka kuti ndinadzikumbira ndekha dzenje. Sekani. Anandichotsa pa mpando umodzi, koma lero mipando yonse ya muholo muno ili m'manja mwanga, ndine ndimayala, ndine ndimasanja. Tadzukani, mwakhalira ofesi yanga.