Tepi ya nyimbo zakale inandimetetsa masharubu

Amene mwandiona masiku ano pamsika wa Mangochi pakamwa pali see ngati mwana wasukulu, lekani kundifunsa ngati ndikudwala. Sindikudwala. Ndinabetcha.

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika, ndipo khasu langa ndi pakamwa. Wa phazi lalikulu ndimamuuza kuti nsapato imafutukuka, wa phazi laling'ono ndimamuuza kuti phazi limatupa masana. Malonda akazizira ndimakacheza kwa Che Yusufu, ometa tsitsi pafupi ndi benchi langa, komwe kanema amangokhalira kulira nyimbo za ana a lero. Nyimbo zake ziti? Kamnyamata kavala magalasi akuda m'nyumba, katsamira galimoto yobwereka, mawu achita kuwongoledwa ndi kompyuta mpaka akumveka ngati udzudzu wolowa m'botolo. Kuvinako ndiye ngati munthu waponda linthumbu.

Tsiku ndi tsiku ndinkawalalikira. "Nyimbo zinali kale, kanema atangofika kumene m'dziko muno. Oimba ankavala suti, gitala ankaliza ndi zala, osati zodina mabatanizi. Gulu lina litabwera kudzajambula pamsika pompano, ine ndinavina pamaso pa kamera." (Izi sindinkanama dala ayi. M'mutu mwangamu ndinkadziona ndithu ndikuthyola dansi.)

Che Yusufu anatopa nane.

"Akulu, nyimbo zanu zakalezo zimakoma m'kamwa mwanu mokha. Kazitengeni tidzaonere limodzi. Anthu akaomba m'manja, rimoti iyi ndi yanu mpaka kalekale. Akaseka, masharubu amenewo ndimeta ine, ulere."

Masharubu anga, abale! Ndevu za pamlomo zimene ndinayamba kuweta ndili mnyamata, zopindikira m'mwamba ngati nyanga za ng'ombe. Koma anthu anali akuyang'ana, ndiye ndinapereka dzanja.

Ndinamva kuti ku Monkey Bay kuli mkulu wina amene kale ankaonetsa mavidiyo, ndipo ankajambula mapulogalamu a nyimbo pa matepi. Ndinakwera minibasi. Mkuluyo anafukula tepi m'katoni yonunkha nkhungu, nalumbira kuti ya pamsika wa Mangochi ilimo. Tinanenerera mpaka dzuwa kupendeka. Mapeto ake ndinachoka ndi tepi komanso deki yobwereka yoonetsera tepiyo, iye n'kutsala ndi nsapato zimene soli yake ndinamata ndekha ndi guluu. (Ndinabwerera ndikumwetulira njira yonse, ndikudziyesa ndamudyera.) Kuyesa tepiyo sitinayese, magetsi anali atazima.

Kunyumba mayi a ana anga, Abiti Saidi, anaiyang'ana tepi ija kenako n'kundiyang'ana ine.

"Mwayamba mwaionera nokha?"

"Uchi amachita kulawa kuti adziwe ngati ukutsekemera?"

"Chabwino, bambo. Ine nthawi imeneyo ndinalipo, koma chabwino."

Loweruka masana mwa Che Yusufu munadzaza. Akabaza anasiya njinga panja, amayi ogulitsa usipa anaunjikana pazenera. Ine ndinakhala kutsogolo, mwendo pamwamba pa unzake, ndikupotokola masharubu.

Tepi inayamba ndi mizeremizere, kenako woimba anatulukira. Suti analidi nayo, koma inali ya munthu wina wonenepa. Kumbuyo kwake anapachika nsalu yojambulidwa mathithi, ndipo mphepo ikawomba mathithiwo ankapindika. Nyimbo ikuti yafika pa kolasi, pakamwa pa woimba pakadali pa vesi.

"Gitalayo chingwe chake chalowa pati?" anafunsa wakabaza wina.

"Luso limenelo," ndinatero. "Simungalimvetse."

Ovina atatu ankangoberana masitepe, aliyense diso pa mapazi a mnzake. Wojambulayo naye anali atangotulukira batani lokokera chithunzi pafupi: mphuno ya woimba, mathithi, mphuno, mathithi, mpaka mayi wina pazenera anati akumva chizungulire. Kuseka kunayamba chapansipansi.

"Izi n'zotenthetsera chabe," ndinakuwa. "Dikirani ya pamsika!"

Inafikadi. Msika wathu womwewu, mitengo ikadali yaifupi. Gulu lija linaika wailesi ya kaseti pampando n'kumangoyasamula pakamwa motsatira nyimboyo. Ndipo kumbuyo kwa woimba kunali kamnyamata koonda, kakhala pa chiguduli cha nsapato, zala zili m'makutu, nkhope ili ngati katafuna bwemba. Kenako kanadzuka, kanatola nsapato imodzi n'kuyamba kupirikitsa ovina amene ankaponda malonda ake. Wojambula uja, ndi batani lake lotembereredwa lija, anakoka chithunzi mpaka kanema yense anadzaza ndi masharubu. Opindikira m'mwamba. Ngati nyanga za ng'ombe.

Che Yusufu anaimitsa tepi pomwepo.

"Walahi! Akulu, dansi yake ndi imeneyi?"

"Ameneyo si ine. Masharubu anali m'fasho nthawi imeneyo."

"Ndi inuyo, bambo," anatero mawu ochokera pakhomo. Abiti Saidi. Sindinadziwe n'komwe kuti anditsatira. "Tsiku limenelo munafika kunyumba mukutukwana kuti oimba a pa kanema ndi aphokoso, nyimbo zenizeni zinali kale pa wailesi."

Wakabaza wina anagwa pabenchi ndi phwete. Amayi a usipa anaimba nthungululu. M'manja anaombadi, koma sindinayerekeze kupempha rimoti. Che Yusufu anakutumula nsalu yawo, nandikulunga m'khosi mwaulemu ngati mkwati, makina n'kulira. Ntchito ya zaka zonse zija inagwera pansi ngati nthenga za nkhuku, tepi ikadali chiimire pa nkhope yanga.

Panopa ndikalowa mmenemo ndimakhala pakona, kamnyamata ka magalasi kakulira pa kanema, ine duu. Ndaphunzira kuti zakale zimakoma ngati palibe amene anazijambula.

Komabe kunena zoona, makina a Che Yusufu amaluma. Ometa anali akale, a lezala ndi kagalasi kosweka pansi pa mtengo. Ndinawauza zimenezi dzulo. Iwo anangondifunsa ngati ndikufuna kubetcha nsidze.